Apita Naye

Chipatala chachikulu chimakhala ndi zipata ziwiri, koma anthu ambiri amadziwa chimodzi chokha, chakumaso chija, pamene pali maluwa, mlonda wa yunifolomu ndi amayi ogulitsa nthochi. Thovu ankadziwa chakuseri. Kumeneko kulibe maluwa. Kuli migolo ya zinyalala, chumuni chofuka utsi, kanyumba kopanda mawindo kosungiramo maliro, ndipo moyandikana ndi kanyumbako muli nyumba yochapira. Mmenemo ndi momwe iye ankagwira ntchito. M'mawa ankalowera kuseri, madzulo n'kutulukira kuseri komweko.

Dzina lakuti Thovu si la makolo ayi. Anamupatsa ndi Mayi Simbi, mkulu wa nyumba yochapirayo, amene nawonso dzina lawo lenileni linapserera kalekale pansi pa simbi. Mtsikanayu atangoyamba ntchito ankamupeza ataima pasinki, manja ali m'madzi mpaka m'zigongono, maso ali pawindo, mwini wake kulibe.

"Mwana iwe, manja thovu, mutunso thovu! Tabwerako kumene uliko, nsalu zikudikira."

Dzina linamata pomwepo, ndipo iye sanadandaule. Anali munthu wosalankhulalankhula, woti ukamufunsa kanthu amayamba wamwetulira, yankho n'kubwera pambuyo mwakachetechete. Komanso m'nyumba imene ija munthu ungacheze bwanji? Makina akuluakulu amangoti gudugudu tsiku lonse, nthunzi ili ponseponse, anthu amaitanana ndi manja n'kulozerana ndi milomo.

Ntchito ankaikonda, tisaname. Makamaka ankakonda bwalo la zingwe lomwe linali kuseri kwa nyumbayo. Dzuwa likawala Mayi Simbi sankalola makina oumitsira, ati nsalu ya wodwala iyenera kununkhira dzuwa. Ndiye Thovu ankasenza beseni n'kukayanika. Akangolowa pakati pa mizere ya nsalu zoyera zija, chipatala chonse chinkasowa. Kunkatsala kuyera kumanja, kuyera kumanzere, kumwamba kamzere ka thambo, ndi mphepo yomwe inkatupitsa nsalu ngati muli munthu akupuma. Pamenepo ankatha kuima ndi chopanira zovala pakamwa mpaka wina amukuwire.

Nsaluzo zinkachokera kumwamba. Ndi mmene ankanenera anthu a kuseri, poti zipinda zonse za odwala zinali m'nyumba yosanja. Thovu anali asanakwereko n'kamodzi komwe. Wozitsitsa anali a Chingolo, bambo wamtali wa chipewa chabuluu, wokankha ngolo ya gudumu lolira. Bamboyu mawu ankachita kuwaumira. Moni wake unali kukweza chibwano, ndipo nkhope yake inali imodzimodzi pa Lolemba ndi pa tsiku la malipiro.

Tsiku lina, akadali mlendo pantchito, Thovu anamasula mtolo wochokera kuchipinda chochiriramo amayi. Unali womanga zonse pamodzi, nsalu, bulangete ndi chovala cha pilo. Atautambasula anabwerera m'mbuyo. Magazi! Osati madontho ayi, koma ochuluka moti nsalu inali itauma gwa. M'katimo munagwa ndolo imodzi ya kamkanda kobiriwira.

"A Chingolo, mwini wake wa nsaluzi ali bwanji?"

"Apita."

"Nanga mwana?"

"Apita naye."

Anatembenuza ngolo yawo n'kumapita, gudumu lija likulira tswii, tswii.

Tsono mawu amenewa kwa Thovu sanali mawu wamba. Ali kamwana kosayamba n'komwe sukulu, amayi ake anatuluka m'nyumba m'mawa wina, mimba ili patsogolo, kachikwama m'khwapa, ati akukatenga kamwana. Pakhomo anatembenuka n'kunena kuti, "Ndapita, usavute." Mawa lake kunabwera azakhali, maso ali psuu, anagwada n'kumugwira mapewa: "Amayi ako apita, wamva?" Iye anavomera ndi mutu. Nanga chachilendo n'chiyani, si anamutsanzika okha? Choncho masana alionse ankakakhala pakasimenti ka m'mbali mwa msewu kudikira, osavuta, monga anamuuzira. Anadikira mpaka mayi wina woyandikana nawo nyumba zinamukwana, anamunyamula n'kumuuza poyera kuti kupita kumeneku munthu sabwerako.

Kuyambira pamenepo Thovu sanatchulenso mawu akuti ndapita. Potsanzika ankangoti, "Tionana." Wina akamuuza kuti ndapita, iye sankati pitani bwino, ankati, "Mubwere." Anthu ankangoona ngati kakhalidwe kake basi.

Ndiye a Chingolo atanena zimene ananenazo, Thovu sanafunse kuti apita kuti. Kanyumba kopanda mawindo kaja kanali pomwepo pawindo lake. Anatenga nsalu ija n'kuinyika m'madzi ozizira, anaitikita ndi manja pang'onopang'ono ngati akusambitsa munthu, kenaka ndi pomwe anaiponya m'makina. Ndolo ija anaiika pawindo.

Pambuyo pake anafunsanso, koma pokhapokha mtolo ukamuopsa. Yankho silinkasintha. "Apita m'mawa." "Apita dzulo madzulo." "Apita naye." Mapeto ake analeka kufunsa, poti ankadziwa yekha: mtolo womanga pamodzi ndi bulangete, mwini wake kulibe. Kwa Mayi Simbi sananene kanthu. Polembedwa ntchito anawauza kuti za m'chipatala zimatsala m'chipatala, komanso nkhani za maliro si zokambirana pakati pa phokoso la makina. Ankangodabwa kuona mayi aja akusita nsalu zomwezo uku akuimba, akugwedeza mapewa. Ankati mumtima, zaka zimaumitsa mtima, nanenso tsiku lina ndidzaimba.

Koma wake mtima sunaume. Pawindo paja tinthu tinachuluka: sokosi imodzi ya khanda, chipeso chothyoka mano, kalabala komangira tsitsi, batani lofiira. Mwini wa kanthu kalikonse anamupatsa nkhope. Wa ndolo yobiriwira anali wamfupi, woseka mokweza. Wa chipeso anali mphunzitsi, wosakonda zachibwana. Wa batani lofiira anali kamtsikana, mimba yoyamba, mantha ali thoo. Akamayanika ankawaona akuyenda phee kuseri kwa nsalu, aliyense ndi kamwana kake pachifuwa, mapazi osagunda pansi. Sankawaopa ayi. Ankawamvera chisoni, ndipo ankaona kuti m'chipatala monsemo ndi iye yekha amene akuwakumbukira.

Kunyumba kunali dziko lina. Thovu anakwatiwa ndi wometa, mnyamata wa kashopu ka malata pafupi ndi pokwerera basi. Ameneyo ndiye pakamwa! Makina ake ometera ankapumako magetsi akazima, koma iye ayi. Ankalankhula za mpira, za mvula, za mitu ya anthu, ati pali mitu ina yoti ukaimeta umafunika kupepesa kwa mwini wake. Thovu anamukonda chifukwa chomwecho: mwamunayu ankalankhula za anthu awiri, iye n'kumangomwetulira. Ankakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri, kalilole wamkulu wong'aluka pakona ali pakhoma, wochokera kushopu.

Mimba itaoneka, wometa anauza mutu uliwonse umene unakhala pampando wake. "Mayi akunyumba ali ndi pakati! Musagwedezeke bwana, dzanja langa masiku ano likunjenjemera ndi chimwemwe." Thovu nayenso anakondwa, kukondwa kwenikweni, koti nthawi zina ankaseka yekha pasinki. Mwanayo ankamutcha Mlendo. Akamugunda m'nthiti ankati, "Odi, Mlendo, mwadzuka?" Koma mawu aja akuti pakati ankawatembenuzatembenuza mumtima. Pakati pa chiyani ndi chiyani? Akalowa m'mizere ya nsalu zoyera, yankho ankaliona ndi maso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kusikelo ankapita kukachipatala kakang'ono ka pafupi ndi kwawo. Anamwino anauza amayi oyembekezera zoti akonzeretu: beseni, nsalu zoyera, matewera, tizipewa, kabulangete kofewa. Anzake ankazengereza, ati nthawi ilipo. Thovu anakonza zonse mimba isanakule n'komwe, anazichapa, anazisita mbali zonse ziwiri monga amachitira kuntchito. Atamaliza sanaleke. Anayamba kubwera ndi tizovala ta mwana wokwawa. Kenaka ta mwana woyenda. Kenaka kajuzi ka mwana wothamanga yekha kupita kugolosale, ndi tinsapato takuda ta zingwe. Zonse anazipinda m'sutikesi mwa dongosolo, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba, kuti munthu wosadziwa kanthu azingochotsa chapamwamba mwana akamakula.

"Mkazi wanga, kodi tikuyembekezera khanda kapena mwana wa sukulu?" anaseka wometa. "Atuluka ndi chikwama cha mabuku kumsana ameneyu?"

"Ana sachedwa kukula."

"Ndiye tidzagula akamakula, nanga misika ikutha?"

Thovu anangotseka sutikesi n'kuikankhira kunsi kwa bedi. Anamuphunzitsa mwamuna wake kuyesa madzi osamba ndi chigongono. Anamuphunzitsa kupinda thewera, kugwira khosi la khanda, poyeserera pa botolo lalikulu lokulunga m'thaulo. Wometa ankachita zonse mwanthabwala, botolo analipatsa dzina, ankalifunsa ngati likufuna kumeta. Sanaone kuti mkazi wake sakuseka.

Lamulungu lina masana Thovu anakhala pansi pakhomo, anamasula tsitsi lake n'kumupatsa chipeso.

"Mundiluke."

"Ine? Iwe, ine ntchito yanga n'kugwetsa tsitsi, osati kulimanga. Ukufuna anzanga andiseke?"

"Akakhala wamkazi adzamuluka ndani?"

"Amayi ake, nanga ali ndi ntchito yanji?"

"Amayi ake akadzatanganidwa?"

Sananene kuti iye anakula ndi mpala. Amayi ake atapita, bambo ake sankadziwa chochita ndi tsitsi la mwana wamkazi, ndiye ankangolimeta lonse, kusukulu n'kumamufunsa ngati ndi mnyamata. Wometa anaguza mpando, anamuika mkazi wake pakati pa mawondo, n'kuyamba. Zala zake zinkanunkhira sipiliti ndi paudala. Anakoka, anapepesa, anamasula, anayambiranso, uku akudandaula kuti tsitsi la akazi lili ndi mwano. Thovu anatsinzina. Dzuwa linkamuotha kumapazi, Mlendo ankatembenuka pang'onopang'ono, ndipo iye ankaona kamtsikana kali pamalo pomwe wakhalapo, kakudya chala, kakulukidwa ndi manja omwewa.

Atamaliza anakadziyang'ana pakalilole wong'aluka uja. Mizere inali yokhotakhota ngati njira ya woledzera. Misozi inangoti mbwe.

"Iii, zaipa choncho? Ndimasule, usalire."

"Zisiyeni. Lamulungu likubwerali mudzayesenso."

Anayesadi, mlungu ndi mlungu, mpaka mizere inayamba kuwongoka. Wometa anafika poyamba kudzitama nazo kushopu.

Miyezi itatsala pang'ono kukwana, mapazi a Thovu anatupa moti patapata yekha ndi amene ankalowa. Kusikelo anamuyeza kawiri, anamwino n'kuyang'anana. Anamuuza mosabisa kuti mwanayo ndi wamkulu, mimba ndi yoyamba, magazi akuthamanga; asayerekeze kuchirira kunyumba kapena kukachipatala kakang'onoko, apite kuchipatala chachikulu matenda akangoyamba. Wometa anali pomwepo, anamva ndi makutu ake. Pobwerera ananena kuti wagwirizana kale ndi woyendetsa takisi wina amene amameta kwa iye, kungoimba foni basi.

"Ine kumeneko sindikachirirako," anatero Thovu.

"Wati bwanji?"

"Ndi kuntchito. Anthu amandidziwa."

"Si ndiye bwino? Akakusamala ngati dzira."

"Ndichirira m'nyumba muno."

Kwa nthawi yoyamba chikwatirane, wometa anasowa nthabwala. Anachonderera, anakalipa, anachondereranso. Anafunsa ngati wina anamulankhula zoipa kumeneko. Thovu anangopitiriza kusita kachipewa komwe anali atakasita kale. Akanamuuza bwanji? Kuti ine ndimachapa nsalu zawo, ndikudziwa mmene amatsikira? Iye anali atavomereza kale kuti mwina sabwerako. Chomwe sankafuna n'chakuti nsalu zake azimange pamodzi ndi bulangete, gudumu lilire tswii tswii, ndipo a Chingolo anene mawu aja pamaso pa Mayi Simbi akuimba. Makamaka achiwiri aja, akuti apita naye. Kunyumba mwina Mlendo yekha akanatsala.

Tsiku loti atsanzike kuntchito kuti ayambe tchuthi, anadzuka msana ukumuwawa. Sanauze munthu. Ululu unkabwera, n'kupita, n'kubweranso, iye n'kumangoluma mlomo, akuti ndimalize lero lokha ndikafike kwathu. Dzuwa litafika pamutu anatenga beseni laling'ono n'kupita kukayanika komaliza.

Tsiku limenelo kunalibe mphepo, koma nsalu zinkagwedezeka. Kuwala kunali kochuluka moti anatsinzina pang'ono. Ndipo anawaona onse, osati kuseri kwa nsalu monga kale, koma mumzere momwemo. Wa ndolo imodzi yobiriwira anali akuseka, dzanja pakamwa. Mphunzitsi anali akupesa tsitsi ndi chipeso chake chothyoka. Kamtsikana ka batani lofiira kanamukodola. Kumapeto kwenikweni kwa mzere kunaima mayi wina wa kachikwama m'khwapa, amene nkhope yake Thovu anali ataiiwala kalekale, koma kaimidwe kokha. Phokoso la makina linamveka kutali ngati mtsinje. Anamva thupi lake likupepuka, ndipo anaganiza kuti, kani n'kosavuta chonchi, kungoyenda mpaka kumapeto kwa mzere.

Kenaka anamva madzi ofunda akutsikira kumapazi. Ululu unamugwira m'chiuno ngati chingwe, anagwira nsalu, nsalu inathothoka ndi zopanira zake, iye n'kugwada nayo pansi.

"Mayo ine, nsupa yasweka!" Anali Mayi Simbi, akuthamanga ndi thupi lawo lonse. "Mwana iwe, wayamba liti kumva? Chikhalirecho uli chete? A Chingolo! A Chingolo, siyani ngoloyo, bweretsani njinga ya odwala!"

"Ndiitanireni abambo akunyumba, ndipite kwathu."

"Kwanu kuti? Ukukwera kumwamba pompano."

"Sindikwera, mayi. Chonde, sindikwera."

"Ukwera. Ine ndabereka asanu, sindinamvepo mwana akufunsa amayi ake ngati akonzeka."

Anamunyamula awiri n'kumukhazika panjinga. A Chingolo anakankha, Mayi Simbi akuthamanga pambali, foni kukhutu, akukalipira wometa kuti asiye mutu umene wagwirawo ngakhale uli theka. Anadutsa kanyumba kopanda mawindo, analowa pakhomo lina, anakwera chikepe. Thovu anali asanakwerepo chikepe. Pansi panamusiya, ndipo anati mumtima, basi, ndi kumwamba kuja uku. Anagwira mimba ndi manja onse awiri n'kunong'ona, "Mlendo, pepa."

Chitseko chitatseguka anamva makanda akulira, ambiri, aliyense ndi nyimbo yake. Mzamba wa magalasi anabwera, anamuyang'ana m'maso, anamugwira pamkono, n'kufunsa mofulumira, "A Chingolo, bedi ya pawindo ija ili bwanji?"

"Apita."

"Chabwino, yalani nsalu zina, tigonekepo awa tiwayeze."

Thovu anazizidwa mpaka m'mafupa. Bediyo ankaiona: nsalu zokwinyika, pilo akadali ndi dzenje la mutu. A Chingolo anafika, anasonkhanitsa nsalu, bulangete ndi chovala cha pilo, n'kumanga mfundo ija yomwe iye wakhala akumasula masiku onsewa. 

Pomwepo pakhomo panalowa mayi wina wonenepa, akuyenda motangadza pang'onopang'ono, khanda lili pachifuwa, kumbuyo kwake bambo atasenza beseni ndi chikwama.

"Pepani anamwino, ndaiwala kachipewa ka mwana pabedi yangayo. Tinafika kale pageti. Iii, mwamanga kale? Achimwene, tamasulani pang'ono, n'kachikasu."

A Chingolo anamasula, anapisa dzanja, anatulutsa kachipewa kachikasu. Mayi uja anathokoza, anamuveka mwana wake, anayang'ana Thovu n'kumuuza kuti, "Limbani mtima asisi, zimawawa koma zimatha." Ndipo anatuluka, patapata wake akulira phwa, phwa, pasimenti.

"A Chingolo," anatero Thovu ndi mawu aang'ono. "Mwati a pabedi iyi apita?"

"Ndi omwewa."

"Apita kuti?"

A Chingolo anamuyang'ana ngati wafunsa kuti madzi ndi onyowa. "Kwawo. Nanga angapite kuti?"

"Nanga aja ndinkakufunsani aja? A ndolo yobiriwira? Aja munati apita naye?"

"Kwawo. Ndi mwana wawo. Akanamusiyira ndani?"

"Koma magazi aja..."

"Kubereka ndi magazi, mwana iwe!" analowerera Mayi Simbi. Kenaka anaima, pakamwa pali yasa, anayang'ana Thovu, anayang'ana a Chingolo, zonse n'kuwalowa nthawi imodzi. "Mayi wanga ine! Ndiye nthawi yonseyi iwe umati...? Tinthu ta pawindo tija? Ine kumati ukusungira eni ake akadzabwera! Safunsa anadya phula, mwana iwe!"

"Ndinafunsa, mayi."

"Unafunsa theka, ndipo unafunsa chitsa! Inunso a Chingolo, mawu mumagula pa kilo? Kungoti apita kwawo, lilime likanathothoka?"

A Chingolo anaima ndi mtolo m'manja, nkhope ija kwa nthawi yoyamba itasokonezeka. Analankhula pang'onopang'ono, ndipo anali mawu ochuluka kuposa onse amene Thovu anawamvapo kwa iwo. "Zimachitika, mwananga, sindinama. Koma si kawirikawiri. Munthu akatisiya, ine sinditsegula pakamwa. Ndimatsika chipewa chili m'manja."

Thovu anakumbukira. Analipodi masiku ochepa, owerengeka pa dzanja limodzi, pamene bamboyu anafika mutu uli pamtunda, chipewa atachipanira pachigwiriro cha ngolo. Iye ankangoti kwawatenthera.

Anayamba kuseka. Anaseka misozi ikutsika, mphuno ikutuluka madzi, mpaka ululu wina unabwera n'kudula kusekako pakati. Onse aja ali moyo! Wa ndolo yobiriwira ali kwinakwake akukalipira mwana woyenda kale, ndolo inayo anaitaya. Mphunzitsi anagula chipeso china. Anthu amene wakhala akuwalira, akuwasambitsa m'madzi ozizira, ali kumsika akutsutsa mitengo ya tomato.

"Zoseka zithe tsopano," anatero mzamba. "Tili ndi ntchito. Kwerani apa, mayi."

Anakwera yekha, pa nsalu yoyera yonunkhira dzuwa. Anaizindikira ndi kachigamba ka pakona. Ndi iye amene anaisita dzana.

Ntchitoyo inali yaikulu, tisachepetse. Anamubaya jakisoni wochepetsa kuthamanga kwa magazi, dokotala anabwera kawiri, ndipo panali nthawi ina pamene mzamba analeka nthabwala n'kumangolamula. Thovu anatchima mpaka anaona nyenyezi masana. Koma mantha aja anali atachoka, panatsala ululu wokha, ndipo ululu wokha munthu amatha kulimbana nawo. Dzuwa likupendeka, Mlendo anafika ndi mkuwo womveka mpaka pachikepe. Anali wamkazi, wonenepa, tsitsi lili bii mpaka pamphumi.

Wometa anamulowetsa atasamba m'manja kawiri. Anali akadali ndi epuloni ya kushopu, chipeso chili m'thumba. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana mwana, anatsegula pakamwa, ndipo palibe chinatuluka. Munthu wa pakamwa uja! Anangogwada pambali pa bedi n'kuika chipumi pa dzanja la Thovu, mapewa akugwedezeka.

"Taonani tsitsi," anatero Thovu. "Ntchito yanu ija."

"Tizisinthana," anayankha iye, mawu ali sasa. "Mzere wina iwe, mzere wina ine."

Mawa lake m'mawa, mwana akuyamwa, Thovu anayang'ana pawindo. Pansi patali panali bwalo la zingwe, laling'ono ngati mpango, nsalu zili mbee. M'mizeremo munalibe munthu. Pamenepo kamtsikana kaja ka pakasimenti ka m'mbali mwa msewu kanadzuka mumtima mwake n'kufunsa mwachangu, nanga amayi? Mwina nawonso...? Ayi. Amenewo okha anapitadi. Anawalira pomwepo, mwakachetechete, misozi ikugwera pa tsitsi la mwana. Zaka zonsezi anali akulira anthu ambirimbiri osawadziwa, koma tsopano analira mmodzi yekha, wake, ndipo atamaliza anamva njala.

Anamusunga masiku angapo mpaka mapazi anaphwa. Tsiku lotuluka wometa anasenza beseni ndi chikwama, akufotokozera chipinda chonse kuti sutikesi ya kunyumba ili ndi zovala zofika nazo ku sekondale. A Chingolo anabwera kudzamanga mtolo wa pabedi ya pawindo. Thovu anawagwira pamkono.

"Mukakatula mtolowu, Mayi Simbi akafunsa, mukanene zonse."

A Chingolo anakweza chibwano.

Pakhomo la chipindacho Thovu anaima, mwana ali pachifuwa. Anatembenuka kuyang'ana mzamba wa magalasi, ndi amayi ena ali pamabedi awo, ena ndi makanda, ena akadali pakati. Kenaka mawu aja anasiya kuwatchula ali mwana anatuluka.

"Ndapita."

"Pitani bwino, mayi!" anayankha onse, mopanda kudabwa, poti ndi mawu amene anthu amanena tsiku lililonse.

Sanatsikire kuseri. Wometa anamutsogolera mukhonde lalitali lopita kuchipata chakumaso, kumene kuli maluwa aja ankangowamva. Pakati pa khondelo panali windo loyang'ana kubwalo la zingwe, ndipo Thovu anaima pamenepo kuti apume. Pansi, a Chingolo anali akudutsa ndi ngolo yawo, mtolo wake uli pamwamba. Mayi Simbi anatuluka pakhomo la nyumba yochapira, manja m'chiuno, akufunsa kanthu. Mawuwo sankamveka kumwamba kuno, koma Thovu anaona milomo ya bamboyo ikuyenda nthawi yaitali ndithu, ndipo chipewa chabuluu chinali pamutu.